MBIRI YA MANKHWALA OLETSA KUTUPA

Munthu amene wagwira fosholo kapena makina obowola mwala pansi pa mgodi kwa zaka zambiri adziwa bwino za nyamakazi. Akatuluka m'shifiti maondo ali otupa, msana uli gwa, ndipo m'mawa zala zikana kupindika. Mai amene akhalira kucapa ndi madzi ozizira m'mwezi wa June adziwanso zomwezo. Onse awiri njira yao ndi imodzi: apita ku sitolo nagula timibulu tiwiri toyera, nameza ndi madzi, ndipo pasanapite ora ululu uyamba kucepa. Timibuluto ndi aspirin kapena abale ace. Owerengeka okha ndiwo adziwa kuti mankhwala amenewa anayambira m'khungwa la msondodzi, mtengo uja umera m'mbali mwa mitsinje, umene ana a sukulu za mishoni anayamba kuumva m'Masalmo asanauzindikire ndi maso.

Masiku ano m'misika ya Kitwe, Ndola ndi Lusaka mwaculuka anthu ogulitsa ufa wa cikasu, jinja ndi zina zotere m'timabotolo. Iwo anena kuti zinthuzi zicotsa kutupa konse m'thupi, ndi kuti sizingapweteke munthu popeza nzocokera ku zomera. M'mau amenewa muli zoona ndi zonama zosanganikirana, ndipo mbiri ya msondodzi ithandiza kuzilekanitsa, pakuti msondodzi unayenda kale ulendo wonse umene cikasu cikali kuuyenda.

Poyamba nkofunika kudziwa cimene kutupa kuli. Mroma wina dzina lace Celsus, amene anakhala ndi moyo m'zaka 100 zoyamba za nyengo ya Kristu, analemba zizindikiro zace 4: kufiira, kufufuma, kutentha ndi kuwawa. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, koma zitatu zinazo azidziwa aliyense amene anabayidwapo ndi minga. Kutupa pakokha si nthenda ai. Ndi nkhondo imene thupi limenya. Mitsempha ya pamalo povulala ikula, magazi ambiri athamangira pomwepo, ndipo asilikali oyera a m'magazi atuluka kukapha tizirombo ndi kucotsa zoola. Nkhondoyo ikatha, bala lipola. Tsoka lidza pamene nkhondo ikana kutha. M'nyamakazi ya mtundu wina thupi liukira mfundo za mafupa ace omwe. M'mapapo a munthu wopuma fumbi la mwala asilikali aja ameza fumbilo koma alephera kuligaya, nafa, naitana anzao, amenenso afa cimodzimodzi, kufikira mapapo adzala ndi zipsera. Imeneyo ndiyo silicosis, nthenda imene anthu a m'migodi aiopa, ndipo aiopa moyenera.

Anthu akale a maiko ambiri anazindikira kuti msondodzi uziziritsa moto umenewu. Dioscorides, sing'anga Wacigriki wa m'masiku omwewo a Celsus, anaulemba m'buku lace la mankhwala a zomera, limene linawerengedwa ku Ulaya kwa zaka zoposa 1,000. Koma nzeruyi inali yosokonezeka pakati pa nzeru zina zambirimbiri, zoona ndi zopeka, ndipo panalibe amene anaiyesa bwino kufikira m'masiku a mbusa wina wa ku England.

Mbusayo anali Edward Stone, wa ku Chipping Norton m'dera la Oxfordshire. Kumeneko masiku amenewo kunali malungo, makamaka m'malo a zithaphwi, ndipo mankhwala ao anali khungwa la mtengo wa cinchona, locokera kutali ku Peru, lokwera mtengo kotero kuti amphawi sanali kulipeza. Ca m'ma 1757 Stone analawa khungwa la msondodzi napeza kuti linali lowawa ngati la ku Peru lija. Tsono iye anali kukhulupirira ciphunzitso cofala m'nthawi yace, cakuti Mlengi aika mankhwala pafupi ndi pamene nthenda ibadwira. Malungo akonda malo a cinyezi, msondodzi nawo ukonda malo a cinyezi. Cotero, anaganiza iye, msondodzi uyenera kukhala mankhwala a malungo. Ganizoli linali lolakwa, koma linamfikitsa pa mtengo woyenera, monga mlendo amene asocera nakaturukira pa mudzi womwe anali kuufuna.

Cimene cicititsa kuti Stone akumbukike ndi m'mene anagwirira nchito yace. Anasonkhanitsa makungwa pafupifupi paundi imodzi, nawaika m'thumba pambali pa ng'anjo ya wophika buledi kwa miyezi yoposa 3 kufikira anauma, nawasinja, nawasefa. Poyamba anaopa kupweteka anthu, ndipo anapereka muyeso waung'ono, wopitirira pang'ono galamu 1, maora 4 ali onse. Ataona kuti palibe coipa cinacitika anaonjeza pang'onopang'ono kufikira pafupi magalamu 4. Anacita izi kwa zaka 5, pa odwala okwana ngati 50, ndipo pa 25 April 1763 analembera kalata bungwe la akatswiri la Royal Society ku London kufotokoza zonse. M'kalatamo sanabise kuti malungo ena ouma mutu anakana kumvera kufikira anasanganizako khungwa la ku Peru. Lero cifukwa cace cidziwika: msondodzi sukupha kacirombo ka malungo, ungotsitsa kutentha kwa thupi ndi kucepetsa kuphwanya. Wodwala anamva bwino, koma kacirombo kanali cikhalire m'magazi. Stone anamwalira mu 1768 osadziwa zimenezi, pakuti za udzudzu zinadziwika patapita zaka zoposa 100.

Pambuyo pace nkhani inalowa m'manja mwa akatswiri osanganiza mankhwala, amene anafuna kudziwa cinthu ceniceni cogwira nchito m'khungwamo. Mu 1828 Johann Buchner wa ku Munich anapatula kanthu kowawa nakacha salicin, kutengera dzina Lacilatini la msondodzi, Salix. Caka cotsatira Henri Leroux wa ku France anapeza njira yabwino yokatulutsira, ngakhale kuti makungwa olemera kilogalamu imodzi ndi theka anampatsa magalamu ngati 30 okha. Mu 1838 Raffaele Piria wa ku Italy anasandutsa salicin kukhala asidi wamphamvu, salicylic acid, ndipo kunapezeka kuti asidi yemweyo angacokerenso ku duwa lina la m'madambo a ku Ulaya limene masiku amenewo linachedwa Spiraea. Mu 1853 Charles Gerhardt wa ku France anasintha asidiyo pang'ono napanga cinthu cimene tsopano cichedwa aspirin, koma cinali cosayera bwino, ndipo iye sanadziwe cimene anali naco m'manja. Anamwalira mu 1856 asanakwanitse zaka 40.

Mu 1874 dokotala wa ku Dundee m'dziko la Scotland, Thomas Maclagan, anayamba kupereka salicin kwa odwala nthenda yoopsa ya rheumatic fever, imene itupitsa mfundo za ana ndi anyamata ndi kuononga mtima. Asanapatse wodwala aliyense anayamba wamwa yekha, muyeso waung'ono kenaka waukulu, kuti aone ngati ungamphe. Mu 1876 analengeza m'nyuzi ya madokotala ya The Lancet kuti kutentha, kutupa ndi ululu zinali kutsika msanga. Pamenepo panacitika cinthu cimene mabuku ambiri acidumpha. Dokotala wina wa ku Port Elizabeth, dzina lace Ensor, atamva za nchito ya Maclagan, anamlembera kumuuza kuti mankhwalawo si acilendo ku South Africa: anthu a mtundu wa Khoikhoi anali kuphika nsonga za msondodzi wa m'mbali mwa mitsinje yao ndi kumwetsa odwala nyamakazi kuyambira kale. Maina a asing'anga amenewo sanalembedwe m'mabuku a mbiri ya mankhwala monga analembedwera a Stone ndi Maclagan. Kusiyana kwao sikunali m'maso openya, pakuti onse anaona cinthu cimodzi. Kunali m'sikelo ndi m'colembera. Wina anayesa kulemera kwa ufa, nawerenga odwala, nalemba za amene anacira ndi amene sanacire, kotero kuti munthu wa dziko lina anakhoza kubwereza nchitoyo ndi kuitsutsa ngati inali yonama. Msondodzi wa mtundu womwewo wa ku Africa, Salix mucronata, umeranso m'mitsinje ya Zambia.

Apa mtengo unayamba kusiyidwa m'mbuyo. Hermann Kolbe wa ku Germany anapeza ca m'ma 1860 njira yopangira asidi uja kucokera ku phula la malasha, popanda khungwa ngakhale limodzi, ndipo mu 1874 fakitale ya Friedrich von Heyden pafupi ndi Dresden inayamba kumpanga wambiri pa mtengo wotsika. Koma asidiyo anali waukali. Anali kuocha pakamwa ndi m'mimba, ndi kulizitsa m'makutu, kotero kuti odwala ena anasankha kupirira nyamakazi m'malo mwa kummwa.

Kampani ya Bayer inayamba mu 1863 ngati yopanga utoto wa nsalu. M'nyumba yace yoyesera mankhwala ku Elberfeld, pa 10 August 1897, mnyamata wina dzina lace Felix Hoffmann anapanga cinthu cija ca Gerhardt, koma tsopano coyera ndi cosaonongeka msanga. Nthano imene ikambidwa kawirikawiri iti Hoffmann anacita izi cifukwa ca cifundo pa atate wace odwala nyamakazi, amene mimba yao inakana asidi wakale. Nthanoyi ndi yokoma, koma inayamba kuoneka m'mabuku mu 1934, Hitler atatenga kale ulamuliro. Mu 1949 katswiri wina amene anagwira nchito pa Bayer m'masiku omwewo, Arthur Eichengrün, analemba kuti ndiye analamula Hoffmann kucita nchitoyo. Kuti mkulu woyesa mankhwala, Heinrich Dreser, poyamba anaikana poganiza kuti ifooketsa mtima. Ndi kuti iye mwini anamwako, napereka mobisa kwa madokotala a ku Berlin kuti ayese. Eichengrün anali Myuda, ndipo mu 1944 anatsekeredwa m'ndende ya Theresienstadt. Anapulumuka, namwalira caka comweco ca 1949. Mu 2000 wolemba mbiri ya mankhwala wa ku Glasgow, Walter Sneader, anasanthula zolembedwa za nthawiyo naima kumbali ya Eichengrün, pamene kampani ya Bayer inapitiriza kuchula Hoffmann. Mlanduwu sunagamulidwe, koma munthu woganiza sangaleke kudzifunsa cifukwa cace nthano ya atate odwala inabadwa m'caka cimene dzina la Myuda silinali lofunika m'dziko la Germany.

Dzina lakuti Aspirin linalembetsedwa pa 6 March 1899. Cilembo coyamba ciimira acetyl, kanthu kamene anaonjeza pa asidi uja, ndipo mau apakati acokera ku duwa la Spiraea. Pali cina coyenera kuchulidwa. Patangopita masiku 11 cipangire aspirin, Hoffmann yemweyo anacita cimodzimodzi ndi morphine, mankhwala ocokera ku duwa la poppy, ndipo cimene cinatuluka Bayer anacigulitsa kuyambira 1898 ngati mankhwala a cifuwa, m'dzina lakuti Heroin. Naco cinali cocokera ku comera. Amene anena kuti za ku zomera sizipweteka ayenera kukumbukira mwana wina ameneyu wa m'nyumba yomweyo.

Nkhondo ya 1914 inadula njira ya mankhwala a ku Germany, ndipo maiko ena anayamba kudzipangira okha. Ku Melbourne m'dziko la Australia George Nicholas anapanga ace mu 1915, amene pambuyo pace anachedwa Aspro, dzina limene akuluakulu ambiri alikumbukira m'masitolo a m'komboni. Cimfine cacikulu ca 1918, cimene cinafika ngakhale kuno pakati pa Africa nkupha anthu osawerengeka, cinafalitsa timibulu toyerato pa dziko lonse lapansi.

Codabwitsa ncakuti kwa zaka zoposa 70 anthu anameza aspirin popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa m'mene agwirira nchito. Zizindikiro zinalipo. Mu 1938 madokotala awiri a pa Guy's Hospital ku London, Douthwaite ndi Lintott, anasuzumira m'mimba mwa anthu ndi kacipangizo ka galasi naona kuti pamene kambulu kagona pafiira ndi kukha magazi. Ca m'ma 1950 dokotala wa ku California, Lawrence Craven, anaona kuti odwala otafuna aspirin wambiri atacitidwa opaleshoni ya pakhosi anali kutaya magazi koposa anzao, naganiza kuti mankhwala oletsa magazi kuundana angateteze mtima. Anthu a m'nthawi yace sanamsamale.

Yankho linadza mu 1971 kucokera kwa John Vane, pa Royal College of Surgeons ku London, amene anayesa aspirin pa mapapo osinja a mbira. Thupi likavulala lipanga timithenga tochedwa prostaglandin. Timeneti ndito tiitana magazi, tikweza kutentha ndi kudzutsa mitsempha yomva ululu, monga ng'oma imene iitana mudzi wonse pakagwa zoopsa. Aspirin agwira dzanja la woimba ng'omayo, ndiye enzyme yochedwa cyclooxygenase, ndipo ng'oma ikhala cete. Koma timithenga ta banja lomwelo tili ndi nchito zina zabwino: tisunga nembanemba yoteteza mimba ku asidi wace, tithandiza magazi kuundana pa bala, ndi kusunga magazi oyenda mu impso. Cotero dzanja limodzi lomwelo locotsa ululu wa bondo ndilo libowola mimba. Ubwino ndi kuipa kwa mankhwalawa zicokera pa muzu umodzi, ndipo sizingalekanitsidwe kotheratu. Vane analandira mphotho ya Nobel mu 1982 pamodzi ndi Sune Bergström ndi Bengt Samuelsson a ku Sweden.

Nzeru imeneyi ili ndi tanthauzo lalikulu kwa munthu wa pa mgodi. Womeza timibuluti tsiku ndi tsiku pa mimba ya njala, ndi kuthirapo mowa madzulo, aitana zilonda za m'mimba. Cimbudzi cakuda bii ngati phula ndico cizindikiro cakuti magazi ali kutayika m'kati. Ibuprofen, amene anapangidwa ndi Stewart Adams ndi anzace pa kampani ya Boots ku Nottingham nayamba kuperekedwa mu 1969, agwira nchito m'njira yomweyo, ndipo angavulaze impso za munthu amene wataya madzi ambiri m'thukuta pansi pa nthaka. Kwa ana aspirin ali ndi ngozi ina: mwana wodwala cimfine kapena nthomba ya ana akapatsidwa, angagwidwe ndi nthenda ya ubongo ndi ciwindi imene dokotala wa ku Sydney, Douglas Reye, anaifotokoza mu 1963. Ku Britain analetsa aspirin kwa ana osafika zaka 12 mu 1986, ndipo mu 2002 anakweza malire kufikira zaka 16.

Atadziwa cinsinsi ca ng'oma ija, akatswiri anabwerera ku zomera ndi funso latsopano: kodi m'zakudya mulinso zinthu zogwira dzanja lomwelo? Poyamba anapeza cifukwa cace zomera zipanga asidi wotere. Mu 1979 R. F. White wa ku Rothamsted m'dziko la England anabaya aspirin m'masamba a fodya, ndipo fodyayo analimba pa nthenda ya mawanga imene alimi a fodya aidziwa bwino. Kunadziwika pambuyo pace kuti salicylic acid ndi mthenga wa comera ceniceni, amene acenjeza masamba ena kuti mdani wafika. Cifukwa ca ici apezeka pang'onopang'ono m'zipatso, m'ndiwo za masamba ndi m'zokometsera zambiri. Mu 2001 akatswiri a ku Dumfries ku Scotland anayesa magazi a anthu osadya nyama a pa nyumba ya amonke a cipembedzo ca Buddha, napeza kuti asidiyo anali woculuka mwa iwo koposa mwa anthu odya nyama, ndipo mwa ena anafika pa muyeso wa anthu ena omwa kambulu kakang'ono ka 75 mg tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya mafuta a azitona inayamba ndi lilime, monga ya Stone. Gary Beauchamp wa ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia analawa mafuta ongofinyidwa kumene ku Sicily, ndipo anamluma pakhosi m'njira imene iye anaizindikira, pakuti anali atalawapo ibuprofen wamadzi pa nchito yace. Mu 2005 iye ndi anzace analengeza kuti m'mafutawo muli kanthu, kamene anakacha oleocanthal, koletsa enzyme yomwe ija. Koma anaonjeza ciwerengero cimene amalonda sakonda kucichula: magalamu 50 a mafuta abwino pa tsiku alingana ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a muyeso wa ibuprofen umene munthu wamkulu amwa pocotsa ululu. Wofuna kuciza bondo lotupa ndi mafuta okha ayenera kumwa theka la lita.

Koma mfumu ya zonse m'misika ndi cikasu, muzu umene Amwenye athira m'ndiwo kuyambira kalekale, ndi kupaka pa mabala ndi potupa. Utoto wace wochedwa curcumin unapatulidwa mu 1815 ndi Vogel ndi Pelletier, Pelletier yemweyo amene pamodzi ndi Caventou anatulutsa kwinini m'khungwa la ku Peru mu 1820. Mu 1995 boma la United States linapatsa akatswiri awiri a pa University of Mississippi cikalata ca umwini pa nzeru yopoletsa mabala ndi cikasu, ngati kuti inali nzeru yatsopano. Bungwe la sayansi la boma la India, Council of Scientific and Industrial Research, linakana, nilibweretsa zolembedwa zakale, zina za m'cinenero ca Sanskrit, pamodzi ndi nkhani ya madokotala a ku India ya mu 1953. Mu 1997 cikalataco cinafafanizidwa. Amwenye anapambana kumene Akhoikhoi sakadapambana, cifukwa makolo ao analemba. Atapunthwa kamodzi, mu 2001 anayamba kusonkhanitsa nzeru zonse za mankhwala a makolo ao m'nkhokwe imodzi ya pa kompyuta, kuti wina asadzazichenso zace.

Kupambana mlandu wa umwini ndi nkhani ina, ndipo mphamvu ya mankhwala ndi nkhani inanso. M'mbale ya katswiri, pothira curcumin pa maselo, kutupa kuzima bwino lomwe. M'thupi la munthu zinthu zisintha. Mu ufa wa cikasu curcumin ndi wocepa, ngati magawo 3 pa 100, sasungunuka m'madzi, wambiri angodutsa m'matumbo naturuka, ndipo wocepa amene alowa, ciwindi cimuononga msanga. Mu 1998 akatswiri a ku Bangalore anaonetsa kuti piperine, kanthu koluma ka mu tsabola wakuda, kaonjeza kulowa kwace m'magazi kufikira ka 20, pakuti kagwira ciwindi kuti cisamuononge. Amalonda anakondwa nayamba kusanganiza ziwirizi m'mibulu yamphamvu. Tsono mu 2019 ku Italy anthu oposa 20 anadwala kutupa kwa ciwindi atamwa mibulu ya cikasu, yambiri yace ya mtundu womwewu, ndipo madokotala a ku United States aonanso odwala otere. Cikasu ca m'ndiwo sicicita zimenezi. Cimene cisintha ndi muyeso: cakudya cikafinyidwa ndi kuunjikidwa m'kambulu casanduka mankhwala, ndipo cifunika ulemu umene mankhwala apatsidwa.

Nanga pa bondo lotupa cithandiza? Mayeso amodzi ocitidwa mosamala anacitikira ku Tasmania, nalengezedwa mu 2020. Anthu 70 odwala nyamakazi ya m'maondo anagawidwa pawiri. Ena anamwa mibulu ya cikasu, ena mibulu yopanda kanthu yofanana nayo maonekedwe, kwa masabata 12, popanda wodziwa cimene anali kumwa. Omwa cikasu anamva ululu kucepa koposa anzao, ngakhale kusiyanako sikunali kwakukulu. Koma makina ojambula m'kati mwa bondo anaonetsa kuti madzi ndi kutupa kwa m'mfundo sizinasinthe. Jinja naye, m'mayeso otere, aonetsa thandizo laling'ono pa ululu, ndipo ena amtentha pamtima. Ici ndi cinthu ndithu, si cabe ai. Koma ncaching'ono poyerekeza ndi zolembedwa pa timabotolo. Ndipo pa mapapo odzala ndi fumbi la mwala palibe cikasu, jinja kapena aspirin wobweza zipsera. Akale anati mankhwala a utsi ndi kuthawa. Pansi pa mgodi mankhwala a fumbi ndi madzi othira pobowola, mphepo yabwino yoyenda m'makwalala, cophimba pamphuno, ndi kukayezetsa cifuwa pa nthawi yace, makamaka popeza mapapo otere agwidwa msanga ndi cifuwa cacikulu.

Pali comera cina cimene cili pa ulendo womwewu, ndipo ici ncakuno. M'mcenga wa Kalahari, ku Namibia, Botswana ndi kumadzulo kwa Zambia, mumera kamtengo koyanga pansi kochedwa Harpagophytum, kamene Azungu akacha devil's claw cifukwa ca cipatso cace ca zikhadabo zokola mapazi a nyama. Anthu a kumeneko anali kumwa madzi a mizu yace yowawa kalekale Azungu asanaidziwe. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Jena m'dziko la Germany anayamba kuiyesa, ndipo lero mizu youma ituruka m'matumba kupita ku Ulaya, yambiri kucokera ku Namibia. Bungwe loyang'anira mankhwala la maiko a ku Ulaya liilola ngati mankhwala a makolo ocepetsa ululu waung'ono wa m'mfundo, nilicenjeza kuti ululu ukapitirira masabata 4 munthu aonane ndi dokotala, ndi kuti wa zilonda za m'mimba asamwe. Okumba ambiri ndi amphawi a m'midzi, amene alandira gawo laling'ono la mtengo umene botolo ligulidwa ku Ulaya. Comeraco cili ndi muzu waukulu pakati ndi mizu ina yonenepa m'mbali, ndipo mankhwala ali m'mizu ya m'mbaliyo. Wokumba wodziwa nchito atenga ya mbali imodzi yokha, nasiya muzu wapakati, nakwirira dzenje, ndipo sabwerera pa comera comweco kufikira patapita zaka zingapo.